Manda Awiri, Agogo Amodzi

Anzanga, khalani pansi kaye. Amene muli pa kabaza tsikani, amene mukutafuna mezani, sindikufuna wina atsamwidwe kenako azinena ine. Mwakhala mukundivutitsa ku inibokosi kuti maliro a agogo anayenda bwanji, ndiye ndati ndifotokoze kamodzi, aliyense amve yekha.

Tsiku loika ndinadzuka kusanache. Kudzukako ndangonena, tulo panalibe. Tinachezera m'nyumba ya siwa azimayi okhaokha, titapanikizana ngati matemba, bokosi lili pakati, amayi amvano akuimba mpaka mawu kusasa. Mwendo wanga wakumanzere anaugonera mayi wina wathupi amene sindimudziwa, moti podzuka ndimaukoka ngati wobwereka. Choyamba ndinafufuza foni. Ndinaipeza pansi pa mayi yemweyo, yotentha ngati mbatata yootcha, batire litatsala pang'ono kufa.

Kunja kunali kamdima. Azibambo anali pamoto, ena atagona chokhala, majekete atafunda kumutu. Kuseri kwa nyumba mafuwa anali atayalidwa kale mzere, nyemba zili m'migolo yodula pakati, utsi ukungozungulira pansi osafuna kukwera. Kunali kutentha kwa Novembala kuja koyamba tambala asanalire. Pamsewu anyamata anali ataika masamba uku ndi uku, ndipo a kabaza olawirira ku eyapoti amatsika n'kumakankha njinga mpaka atadutsa pakhomo pathu.

Kuti mumve bwino ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Malemuwa ndi agogo aamuna, bambo awo a mayi anga. Kuno ku Chileka anabwera ali mnyamata kudzakwatira, mkamwini, n'kukhala mpaka kukalamba. Anatchetcha udzu ku bwalo la ndege moyo wawo wonse, kenako anakhala mkulu wa mpingo. Za kwawo samakamba. Ife timangoti agogo ndi agogo, anamera okha pakhonde paja.

Ndiye chaka chino ine ndinagwidwa ndi matenda ena ake. Ndinaona pa foni anthu akunja akupanga mtengo wa mtundu wawo, uyu anabala uyu, uyu anabala uyu, mpaka kukafika kwa munthu wina wa ndevu wokwera hatchi. Ndimvekere, nanga ifeyo tinagwa ndi mvula? Ndinatsitsa apu, palibe anandiphunzitsa, n'kuyamba kuzunza nkhalamba zonse ndi mafunso. Agogo ndinawakakamira mpaka anatopa nane n'kulavula liwu limodzi: Lirangwe. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, khomo ndi khomo ngati wogulitsa mankhwala a makoswe, mpaka ndinapeza a Jailosi, mwana wa mlongo wawo wa agogo, mdala wa mano awiri, wosekaseka. Kani anthuwa anasiyana ndi agogo kalekale pa nkhani ya mbuzi. Mwini mbuzi anafa, mbuzi inafa, mkwiyo wokha ndi umene unatsala. Tinalira, tinajambulitsa, ndinatolera manambala a aliyense wokhala ndi foni n'kutsegula gulupu. Mtengo wanga ndinauponya momwemo, ndipo pansi pa chithunzi cha agogo ndinalemba bwinobwino: Kwawo, Lirangwe. Timati tiwatengere agogo kumeneko akacheze, koma matenda anafulumira.

Atatisiya, malume amvekere, iwe wa foni, dziwitsa anthu. Ine ndinafuna mawu aulemu, akutchalitchi, osati kungoti amwalira ngati nkhuku. Ndiye ndinalemba kuti: "Abale, agogo atisiya. Mkuja tidzawaperekeza kwawo." Ndinaikapo kamtanda ndi kankhunda. Kwawo ndimanena kumwamba, aise, kwa Atate, mmene amaneneramo abusa. Za manda zinali zitatha kale, konkuno ku Chileka, kuseri kwa minda, chifukwa agogo aakazi ananena poyera kuti miyendo yawo galimoto sikwera, akufuna pamalo poti azifika ndi ndodo, ndipo nawonso adzagone pambali pa mdala wawo. Ku gulupu a ku Lirangwe anayankha ndi timanja topemphera tambirimbiri. Wina analemba kuti, "Zikomo, mwatilemekeza." Ine ndinadinapo kamtima.

Tibwerere ku tsikulo. Dzuwa litatuluka anthu anayamba kukhamuka. A kumpingo ndi zoyera zawo, anzawo a malume a ku eyapoti mabaji ali m'khosi, azimayi ndi nkhuni pamutu ndi timabeseni ta ufa, ena oyamba kulira ali pamsewu n'kusiya akangopeza mthunzi. Analipo bambo wina uja sasowa pa maliro alionse a ku Chileka, amene amafunsa dzina la malemu mbale ili kale m'manja. Adzukulu, ndikunena okumba manda, osati ifeyo, anatumiza uthenga kuti dzenje latha, nthaka inali ngati simenti, ndipo thobwa limene tinatumiza lija linali longolawa.

Ine anandiika pa kabichi, foni ili pa chaja m'galimoto ya abusa. Kenako tinamva lole. Inakhota pamasamba paja yodzaza ndi anthu akuimba, nthambi yobiriwira ili kutsogolo. Pakati pa loleyo anali atasiya malo, atayala matiresi, zingwe zili pambali. Ine osaganiza kanthu. Nditaona a Jailosi akutsika ndinathamanga monyadira, anthu anga amenewo, ndinawafukula ndekha. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwanawe, wachita bwino. Kwathu zonse zatheka. Tinyamuke dzuwa lisanakwere, msewu wa kumudzi ndi woipa."

"Tinyamuke kupita kuti, ankolo?"

"Aa, kwawo. Si unalemba wekha? Anyamata akumba kuyambira dzulo. Anapeza mwala, auswa mwalawo. Manda okongola, pafupi ndi mayi awo."

Anzanga, mpeni wa kabichi unali m'manja, koma ndinaiwala kuti ndi wa chiyani.

Nkhani pa maliro imathamanga kuposa netiweki. Nyimbo m'nyumba inaduka pakati pa vesi. Azibambo anakokera mipando pansi pa mango, a ku Chileka uku, a ku Lirangwe uko, abusa pakati. Kenako ndinamva malume akukuwa kuti iwe, bwera nayo foni yakoyo. Ndinagwada pafumbi, chitenje chikununkha kabichi, n'kuwerenga uthenga wanga mokweza pamaso pa mudzi wonse. Mpaka lero ndikunenetsa kuti Chichewa changa chinali cholondola.

Abusa anandiikira kumbuyo. Anakonza magalasi n'kunena kuti mwauzimu mwanayu sanalakwe, kwawo kwa Mkhristu ndi kumwamba.

A Jailosi amvekere, "Abusa, kumwambako sitikukana. Koma njira yake imadzera ku Lirangwe."

Malume anatentha. "Zaka zonsezi munali kuti? Akudwala munali kuti?"

"Timadikira kuti mkamwini amalize ntchito, achimwene. Wamaliza. Munabwereka, bwezani."

Apa ndiye panavuta, chifukwa ngakhale a ku Chileka amadziwa kuti pa mwambo mdalayo sakunama. Mkamwini akafa amabwerera kwa mayi ake, pokhapokha eni ake atalola. Eni akewo kale kunalibe. Ndinawabweretsa ndine, ndi bandulo yanga.

Ndege inadutsa pamwamba, onse anakhala chete kudikira kuti ipite, kenako anapitiriza pomwe anasiyira. Azimayi anasiya moto n'kusendera kufupi, mgolo umodzi wa nyemba unapserera. Ku Michiru mitambo inayamba kuunjikana. Adzukulu athu anatulukira kuchokera kumanda, dothi mpaka m'mawondo, atamva mphekesera. Paja anthu amenewa pa maliro amalankhula zimene akufuna, palibe amawaletsa. Wamkulu wawo anaonetsa matuza m'manja.

"Ife takumba. Mukatenga mtembowu mutisiyire wina. Aliyense, sitisankha." Amanena akuyang'ana ine.

Mayi anga anandidutsa kumbuyo ndi ndowa, n'kunditsina pamkono osatembenuka. "Foni imeneyo ndidzaiponya m'chimbudzi, iwe uli pomwepo."

Dalaivala wa lole, poona kuti mbali yawo ikupambana, analiza injini n'kuyamba kubwerera chambuyo kulunjika pakhomo. Azakhali ena m'nyumba anayamba kulira kwenikweni tsopano, osati kwa mwambo. Ine ndimangoganiza za agogo aakazi, kuti mdala wawo akupita pa matiresi ndi zingwe chifukwa cha liwu limodzi.

Ndiye agogo aakaziwo anatuluka. Chimwalirireni agogo aamuna anali asanalankhule ndi munthu, amangokhala kumutu kwa bokosi atafunda nsalu yakuda. Anatuluka ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, kumbuyo kwawo mtsikana atanyamula khasu lakutha, lotsala ngati supuni, ndi bulangete lakale lotuwa. Anadutsa pakati pa azibambo, n'kukhala pansi, miyendo tambalale.

"A Jailosi, mwabwera kudzatenga munthu wanu?"

"Eya, mayi."

"Chabwino. Munthu wanu anafika pano ndi zinthu ziwiri, khasu ili ndi bulangete ili. Anali woonda ngati bango, nsapato analibe, nsabwe zokhazokha. Mnofu wonse uli m'bokosimo ndinaika ndine. Mimba ija ndi chimanga cha m'munda mwanga. Kuwerenga Baibulo anaphunzirira pakhonde langa. Ndiye tengani zanu, musiye zanga."

Wina kumbuyo anayesa kubweza chiseko, chinatulukira m'mphuno.

A Jailosi anakanda m'mutu. "Nanga mafupa, mayi? Mafupawo si a ku Lirangwe?"

"Mafupa anathyola pa njinga chaka cha njala. Ndinalumikiza ndine, ndi phala."

Apa ngakhale abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Koma agogo sanaseke. Anatsitsa mawu, moti tinachita kusendera kuti timve.

"Ine galimoto sindikwera, bambo. Mukapita naye ndiye kuti ndamuona komaliza lero. Ndisiyireni. Ndatsala pang'ono, sindikuchedwetsani."

A Jailosi anavula chipewa n'kupukutira m'maso. Kenako anaseka, mano awiri aja poyera. "Malume anagwa m'manja ovuta." Anawerama, n'kutola khasu ndi bulangete. Dalaivala anazimitsa injini.

Ine ndinati basi, ndapulumuka. Ayi ndithu. Kunatsala dzenje la ku Lirangwe. Kani manda akakumbidwa sakwiriridwa opanda kanthu, amati amaitana munthu. Amadula thunthu la nthochi n'kuliika m'malo mwa mtembo. Zimenezi mu apu munalibe. Ndipo a ku Lirangwe ananena chinthu chimodzi chokha: amene analemba uthenga akaperekeze nthochi. Mbali zonse ziwiri zinagwirizana msangamsanga, koyamba tsiku limenelo.

Mwambo wa ku Chileka unayenda bwino, zoona. Amvano anatsogola ndi nkhata, bokosi pambuyo, anyamata a ku Lirangwe akulimbirana kunyamula ndi a kuno, moti agogo sanagwedezeke n'komwe. Tinadutsa m'minda yogaula kale, mizere ili mbee kudikira mvula. Agogo aakazi anayenda okha ndi ndodo, anakana kuwakweza pa njinga, ndipo gulu lonse linayenda pa liwiro lawo. Abusa analalikira mwachidule chifukwa cha mitambo. Pamene amati m'bale wathuyu wapita kwawo kwenikweni, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Malume powerenga mbiri ya malemu anagwiritsa ntchito mtengo wanga womwe uja, osandithokoza, ndipo dzina la mayi awo a agogo linatchulidwa kumanda a ku Chileka koyamba. Azimayi a ku Lirangwe atalimva anagwirana n'kuyamba kusisima. Adzukulu anakwirira, nkhata zinaikidwa, anthu anabwerera kukadya nyemba zopserera.

Ine kudya ayi. Anandikweza lole. Malo okhala anali amodzi okha, pa matiresi paja, ndiye ndinakhala pamenepo nditakumbatira bulangete. Nthambi ija kutsogolo palibe anakumbukira kuchotsa. Njira yonse kudutsa pa Lunzu anthu amavula zipewa, a kabaza amaima, mayi wina wogulitsa tomato anagwira pachifuwa atandiona nditakhala tsonga pamalo pa mtembo. Ndinamubayibitsa. Anathawa.

Titafika kumudzi, abale anga, khamu! Kwaya, mipando, nyemba zawonso migolo. A Jailosi anali ataiwala kuimba foni. Lole itangoima azimayi anayamba kulira mokweza, akudzigwetsa, anyamata anathamangira kumbuyo kudzalandira bokosi. Ndinatsika ine, ndi bulangete.

"Mtembo uli kuti?"

A Jailosi amvekere, "Watsala kwa mkazi wake."

Mayi wina wachikulire anasiya kulira pomwepo, n'kumanga bwino chitenje. "Ali moyo anakana kubwera, atafa wakananso. Ndi yemweyo, sanasinthe."

Nthochi anakadula kuseri kwa bafa, pa phata limene akuti anadzala ndi mayi awo a agogo. Yoyambayo inafa kalekale, koma ana ake akhala akuphuka pomwepo mpaka lero. Anaikulunga m'bulangete muja, khasu pambali, n'kunyamula anthu anayi ngati zenizeni. Kwaya inati sitinavalire yunifolomu pachabe, inayamba nyimbo. Adzukulu a kumeneko ndiye oposa athu.

"Malemu apepuka bwanji, anadwala nthawi yaitali?"

"Iwe wa foni, bwera kutsogolo. Tiuze mbiri ya malemu."

Ndinaima pamphepete pa dzenje, anthu onse maso pa ine. Ndimvekere, "Malemu anabadwira kuseri kwa bafa. Sukulu sanapite, sanakwatire, koma asiya ana ambiri." Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wamkulu wa adzukulu anati mwana uyu ndi wathu ndithu, pakamwa pake mpa kuno.

Koma dothi loyamba litagwera pa bulangete, kaya chinachitika ndi chiyani. Bulangete limenelo ndinalikumbatira njira yonse, limanunkha agogo, utsi ndi mafuta awo opaka m'mawondo. Ku Chileka sindinalire, mantha anali atandigwira. Ndinalirira nthochi, aise. Ndinalira mpaka mayi wachikulire uja anandigwira m'chiuno n'kuyamba kundiyendetsa m'mandamo. Apa pagona mayi awo a agogo ako. Apo mayi awo a iwowo, amene anabwera wapansi atasenza mtondo. Uyo ndi mwini mbuzi. Palibe mwala, palibe cholembedwa, amangoloza mitengo ndi timilu ta dothi. Ndinatulutsa foni kuti ndilembe, inali itazima. Ndinangomvetsera, ndikubwereza mayinawo chamumtima ngati mwana wa sitandade wanu. Madontho oyamba a mvula anatipeza momwemo.

Kunyumba ndinafika dzuwa litangolowa, pa kabaza, nditanyowa. Masamba pamsewu anali atachotsa. Mipando ya kutchalitchi itasanjikizidwa pakona, mafuwa akuda ali okha, phulusa litanyowa, agalu akununkhiza pamene panali migolo. Azimayi otsala kugona pa siwa anali atagona kale ndi kutopa, wina aliyense pamene tulo tinamupezera. Nyumba inangoti zii, ngati yakula. Agogo aakazi anali okha pamkeka pabalaza, pamalo pamene panali bokosi. Anandikodola.

"Mwaika bwino nthochi yanu?"

"Taika bwino, agogo."

"Pamtengo pakopo, ine unandilemba kuti kwathu n'kuti?"

"Konkuno ku Chileka."

"Usasinthe."

Anayang'ana kukhomo, anayang'ana azimayi ogona aja, kenako anandikokera kufupi.

"Amene umawadziwa kuti ndi mayi anga, amene ali kumandako, ndi azakhali, alongo awo a bambo. Wondibala anachita kubwera kuno pa chitengwa, kutsatira mwamuna, ndipo anamwalira ine ndikuyamwa. Amene amadziwa zimenezi onse anapita. Abale ake alipo kwawoko, ambiri, ndipo ndi anthu okonda kukumba."

Anandinong'oneza dzina la mudziwo.

"Ndakuuza chifukwa ndiwe wofunsafunsa, ukanakafukula wekha n'kutsegula gulupu ina. Ndikagona pambali pa mdala uja, dothi likauma, udzalembe zimene ukufuna. Panopa foni m'thumba."

Anatembenuka n'kufunda nsalu yawo.

Ndiye ndi mmene zilili, anzanga. Theka la mtengo wanga ndi labodza. Mayi anga sakudziwa, malume sakudziwa, ndipo mukawerengera bwinobwino ngakhale ineyo kwathu si kuno. Gulupu ino mulibe wachibale, ndaonetsetsa kawiri, ndipo dzina la mudziwo musandifunse ku inibokosi. Koma minibasi yopita kumeneko ndimaiona tsiku lililonse pa siteji, kondakitala akukuwa dzinalo m'khutu mwanga, ndipo kumeneko kuli nkhalamba zina zimene nazonso sizidikira munthu. Zala zikundiyabwa. Agogo akudya bwino, dzulo anapempha nyama.

Inuyo mukanatani? Mukanakwera mwakachetechete n'kukangofunsa ngati munthu wodutsa, kapena mukanaika foni m'thumba?